Namondwe Aphunzira Kukhala Chete

3 Malichi

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Kuno tilipo, kupatula amayi amene mbali yawo ya kumanja ikadali yofooka chomwecho. Supuni ayamba kugwira okha, koma kusamba ndi kutembenuka pabedi mpaka ine ndikhalepo. Mankhwala awo atsala a milungu iwiri, ndiye mukumbukire.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni inu ndi ine sitimaliza nkhani. Ine ndikangofika pakati, inu mwakweza kale mawu, kenako mwadula. Kalata kaya muikalipira bwanji.

Nkhani ndi ya mwana wanu. Kuno tayamba kumutchula kuti Nesi, chifukwa dzina lake latuluka kusukulu ya unamwino ija. Tsiku limenelo anandinyamula m'shopu muno makasitomala akuona, tepi yoyezera ili m'khosi. Koma atapita kukayezetsa m'thupi monga sukulu imafunira, adokotala anamubweza chifukwa cha khutu lija. Likutulukabe mafinya kukangozizira, ndipo mbali ya kumanzereko samva pafupifupi chilichonse. Akuti chibowo chimene chili pa kachikopa ka m'kati sichingatsekekenso chokha patatha zaka zinayi. Mpofunika opaleshoni, ndipo imachitika kuchipatala chachikulu cha kwanuko basi. Sukulu ikutsegulira mu Seputembala. Akapanda kuchira pofika nthawi imeneyo, malo ake apatsa wina.

Sindikufuna kukukumbutsani kuti khutulo linabooka bwanji. Dzanja linali lanu, mukudziwa. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu, mlandu wake kungoima pakati pa inu ndi mayi ake.

Akufunika munthu womudikirira, komanso pogona kwa mwezi wathunthu. Ine amayi ndiwasiyira ndani? Mayi ake a mwanayu ali ndi khanda kubanja lawo latsopano. Mwatsala inu. Iye sindinamuuze kuti ndakulemberani, paja nambala yanu anaitseka kalekale. Yambani mwavomera inuyo, za iye ndithana nazo ndekha.

Mutu ukakula sulewa nkhonya, a Namondwe. Yankho mupatsire dalaivala wa basi yemweyu.

Ine mlongo wanu, wa pa makina.


17 Malichi

Achimwene,

Moni ndikukupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino, osati kuti mukuyenera. Basi yapita ndi kubwera kanayi, dalaivala akungonditambasulira manja. Foni yanu ndayesa mpaka chala kuwawa, ikungoti simukupezeka.

Ndinamupempha dalaivalayo kuti akafikenso pomwe mumakhala. Wapeza loko pachitseko. Mayi woyandikana nanu wamuuza kuti munanyamula kachikwama ndi bulangete n'kupita ndi "anthu okhala chete aja". Ndi ati amenewo? Ine ndaganiza zonse. Ndaganiza kuti mwamenya munthu, muli kupolisi, ndipo mayiyo akungokubisirani manyazi. Ndaganiza za mkazi. Koma chimene mtima wanga ukundiuza n'chakuti munawerenga kalata yanga n'kuthawa. Munthu wokalipa ngati mkango, koma mwana wake yemwe akumuopa.

Choipa n'chakuti Nesi wadziwa. Anandipeza ndikumufunsa dalaivalayo panja pa shopu. Sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Azakhali, inu mumayembekezera chiyani?" Kenako anabwerera pa simbi n'kusita madilesi asanu ndi limodzi osakweza mutu. Limodzi analipsereza pa kolala, ndipo sindinamunene.

Mankhwala a amayi ndagula ndekha, musavutike. Ngati mwakana, kanani ndi pakamwa panu.

Mlongo wanu.


21 Malichi

Mlongo wanga,

Ndikukhulupirira kuti iwe, amayi ndi mwana muli bwino. Makalata ako onse awiri ndawerenga tsiku limodzi. Yoyamba ndinaipeza pansi pa chitseko itachita fumbi, yachiwiri dalaivala wandipatsa m'manja akundiyang'ana ngati ndamubera. Sindinathawe. Ndinachoka m'mawa, kalata yako inafika madzulo a tsiku lomwelo. Yankho langa ndi inde. Mwana abwere.

Tsopano ndikuuze za anthu okhala chete, poti ndakubisira miyezi isanu ndi inayi kuopa kuti undiseka.

Ukudziwa kuti ndimayendetsa kireni, chimakina chachitali chija chonyamulira zitsulo pomanga nyumba zosanja. Ndimakhala ndekha m'kachipinda ka galasi kumwamba, anthu pansi akuoneka ngati nyerere. Pansipo pamakhala mkulu wina wondipatsa zizindikiro ndi manja. Timangowatchula kuti a Mluzu, chifukwa akaimba mluzu wawo ngakhale makina akulira umamva.

Mu Juni chaka chatha kapitawo anandinyoza pa wailesi ya m'manja, anthu onse akumva, akuti ndimayendetsa ngati nkhalamba yoluka juzi. Mlongo wanga, sindinaganize chilichonse. Dzanja linakankha lokha chogwirira. Mtolo wa zitsulo wolemera kuposa galimoto unapita uku n'kubwerera uku, unadutsa pamutu pa a Mluzu mpaka chipewa chawo cha ntchito chinagwa. Akanakhala aatali pang'ono, bwenzi lero ndili kundende.

Ndinawaona akukwera makwerero, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Ndinakunga zibakera kudikira kutukwanidwa. Atafika anakhala pansi m'kachipinda muja akupumira m'mwamba, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Ine ndikupuma chonchi chifukwa cha makwerero. Nanga inu mwakhala pampando tsiku lonse, mukupumiranji chonchi?"

Mawa lake ananditengera kuchipinda china pamwamba pa shopu yogulitsa penti. Kumeneko anthu amakumana m'mawa asanapite kuntchito. Kuli mphunzitsi, mayi wina wodula matikiti, woyendetsa takisi, ndi ena ochepa. Kulibe guwa, kulibe m'busa, kulibe mbale ya chopereka. Umakhala pamkeka msana uli chilili, n'kumangotsatira mpweya pomwe ukulowa ndi kutuluka m'mphuno. Maganizo akathawa umawabweza, akathawanso umawabwezanso. Basi. Tsiku loyamba ndinati uwu ndi ulesi wa anthu okhuta. Koma mphindi ziwiri zisanathe ndinali nditamenyana ndi kapitawo katatu m'mutu mwanga, ndi malemu bambo athu kamodzi. Apo mpomwe ndinadziwa kuti chimakina chachikulu chija ndimachilamula, koma kamutu kangaka kamandiyendetsa ngati ngolo.

Chimene ndaphunzira ndi ichi. Mkwiyo sugwa kuchokera kumwamba monga ndinkanenera. Umayamba ngati kutentha pansi pa nthiti, kenako chibwano chimauma, kenako umatsikira kudzanja. Pakati pa chibwano ndi dzanja pali kampata. Zaka zonsezi sindinkakaona. Pano ndimakaona, kakang'ono ngati mpata wa chitseko chosatseka bwino, koma munthu atha kuimapo.

Masiku amene unandisowawo ndinatenga tchuthi, tinapita kunyumba ina kunja kwa tauni. Mafoni timasiya pakhomo, ndipo masiku khumi osalankhula ndi munthu. Mawondo anawawa ngati andimenya ndi nyundo. Tsiku lachitatu ndinalongedza chikwama, koma ndinachimasulanso. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinaona nkhope ya mwana wanga monga inalili tsiku lija, atagwira khutu, osalira, akungondiyang'ana. Zaka zinayi ndakhala ndikuithawa nkhope imeneyo, koma pamkeka palibe kothawira. Ndinalira ngati mwana. Ndiye tsiku lachisanu ndi chitatu, ndikutsuka mbale yanga pampope, ndinangomva chimwemwe. Palibe amene anandipatsa kanthu, palibe chimene chinachitika. Madzi, mbale, manja anga, ndi mtima uli phee. Chiyambire kubadwa sindinamvepo zotero.

Usade nkhawa, kutchalitchi ndikupitabe. Kusiyana kwake n'kwakuti pano pemphero limene ndikunena ndimalimva.

Apatse moni amayi.

Mchimwene wako.


2 Epulo

Achimwene,

Tilipo, kaya inu ndi mpweya wanu. Amayi dzulo anayenda masitepe anayi atagwira khoma.

Pepani pokunamizirani kuthawa. Koma kunena zoona ndaseka mpaka kudzibaya ndi singano. Munthu wamkulu kutenga tchuthi, kukwera basi, kukaphunzira kupuma, chinthu chimene khanda limabadwa likudziwa kale. Amayi anzanga a kwaya akuti zimenezo ndi za Satana. Ndawayankha kuti inu simukuwadziwa achimwene anga, ngati Satana ndi amene wawakhazika chete ndiye kuti walapa.

Ndiulule. Lamlungu lija pa foni ndinachita dala. Ndinakutchulani wamantha, ndinakumbutsa za mlamu wanga wakale, ndinanenanso za mimba yanu. Ndinkadikira kuti mudule. Munangokhala duu mpaka ndinayang'ana foni ngati yazima, kenako munati, "Pitiriza, ndikumva." Ndinasowa chopitiriza. Kaya ndi mankhwala anji mwamwa, koma musasiye.

Tsopano zovuta. Ndinamuwerengera Nesi kalata yanu yonse titatseka shopu. Anamvetsera atatembenuza mutu monga amachitira muja, khutu labwino lili kwa ine. Nditamaliza anandifunsa ngati ulusi wakuda watha. Ndinamuumiriza, ndipo ananena kuti kuli bwino malo akusukuluwo apatse wina kusiyana n'kukagona m'nyumba mwanu. Akuti akhala telala ngati ine. Achimwene, mwana ameneyu mzere wowongoka samatha kusoka, mutu wake ndi wa mabuku.

Ine ndalephera. Mulembereni nokha.

Mlongo wanu.


15 Epulo

Bambo,

Ndalandira kalata yanu ya masamba anayi. Sindifunsa ngati muli bwino, poti mwalemba nokha kuti simunakhalepo bwino chonchi.

Ndawerenga kawiri. Mwalemba za mpweya wanu, nthiti zanu, misozi yanu ndi mtendere wanu. Ndinayamba kuwerenga kuti mawu akuti "ine" alimo kangati, koma ndinatopa pa tsamba lachiwiri.

Mukuti mwaphunzira kukonda chete. Ine chete sindimudziwa. M'khutu langa mumalira ngati wailesi yosagwira siteshoni, m'mawa, masana, nthawi zonse, zaka zinayi. Kusukulu ndinkakhala kutsogolo pakona kuti ndimve aphunzitsi. Anthu mumsewu amati ndine wonyada chifukwa amandipatsa moni mbali yolakwika. Posamba ndimatseka khutu ndi thonje ngati botolo la mankhwala.

Ndiye lero ndimve kuti amene wapeza mtendere ndi inuyo, amene munamenya. Munalira tsiku limodzi pamkeka, patapita masiku awiri munasangalala ndi mbale. Zili bwino. Koma madzi akatayika saoleka, ngakhale woolayo atakhala wofatsa bwanji.

Sindibwera. Chonde musandilemberenso za chimwemwe.

Mwana wanu.


28 Epulo

Mlongo wanga,

Moni nonse. Pepa pochedwa kuyankha, ndinali ndi manyazi.

Ndinagwa. Kalata ya mwana ndinaiwerenga nditangofika kuchokera kuntchito, ndipo kampata kaja sindinakaone n'komwe. Kapu ya tiyi inali m'manja, ndinangoiona ili zidutswazidutswa pakhoma. Mayi woyandikana nane anathamangira kudzaona. Kenako ndinakhala pansi n'kulemba masamba awiri a moto, kumuuza mwanayo zonse zimene ndamuchitira chibadwire, kumutchula wosayamika. Mawa lake ndinapita nayo kudepoti. Basi inachedwa maola awiri. Ndinakhala pabenchi kalata ili m'manja, ndipo poti kunalibe chochita ndinayamba kutsatira mpweya. Pomwe basi inkafika ndinali nditaiwerenganso kalata yangayo, ndipo ndinazindikira kuti ndi dzanja lomwe lija, langogwira cholembera. Dalaivala anandifunsa ngati pali chotumiza. Ndinati palibe.

Ndinapita kwa a Mluzu kukawauza kuti ndasiya, miyezi yonseyi ndataya nthawi. Anandifunsa kuti chasweka n'chiyani. Ndinati kapu. Anafunsanso kuti chaka chatha chikanasweka chiyani. Ndinawawerengera kalata ya mwana ndikuganiza kuti andimvera chisoni, koma iwo anati, "Mwanayu sananame paliponse. Mtendere umene ukuthera pamkeka si mtendere, ndi tulo. Dzukani mukagwire ntchito yake."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa a kapitawo. Koma m'mawa mwake ndinabwerera kuchipinda cha pamwamba pa penti, ndipo sindinajombenso. Ndikagwa kakhumi ndidzuka kakhumi, zimenezo ndatsimikiza.

Ndapita kuchipatala ndi kalata ya adokotala imene unatumiza ija. Ndaima pamzere masiku awiri, ndipo atipatsa pa 18 Meyi. Kuntchito ndasinthana masiku ndi mnzanga. M'envulopu muno muli makiyi onse awiri a chipinda changa, ndilibe ena. Ine ndizikagona kwa a Mluzu. Kapepala aka umupatse mwana, usawonjezerepo mawu ako, ndikukudziwa. Ndalembapo kuti:

Mwana wanga, tsiku ndi 18 Meyi. Chipinda ndi chako, makiyi onse ali ndi iwe. Sukuyenera kundilankhula kapena kundikhululukira kuti khutu lako lichire. Ndinakulanda khutu, ndisakulandenso sukulu.

Mchimwene wako.


22 Meyi

Azakhali,

Muli bwanji? Agogo akuyenda masitepe angati tsopano? Ine ndinafika bwino. Ndachedwa kulemba chifukwa zimene ndikuti ndikuuzeni sindinkadziwa poyambira.

Bambo anandichingamira kudepoti. Aonda, ndipo imvi zatuluka m'mbali monsemu. Anandipatsa moni, anatenga chikwama, n'kumayenda patsogolo osandifunsa mafunso. Chipinda chawo ndi chaching'ono, bedi, tebulo, mbaula ya magetsi, ndi kamkeka kopindidwa pakona. Agula katani yatsopano yamaluwa, yoipa kwambiri, inu mukanawabweza nayo. M'mawa amabwera n'kugogoda pachitseko chawo chomwe, n'kudikira panja mpaka nditsegule. Masiku awiri oyamba mawu amene ndinawauza sanakwane khumi.

Pa 18 tinalawirira kuchipatala. Pawindo loyamba anatitumiza lachiwiri, lachiwiri anatitumiza lachitatu. Dzuwa lili pamutu, kalaliki wa pawindo lachitatu anatiuza kuti fayilo yanga sikuoneka, ndipo popanda fayilo dzina langa lichoka pamndandanda. Anati tibwerenso mu Okutobala. Ankanena zimenezi maso ali pa foni yake.

Azakhali, ine ndinayang'ana khosi la bambo. Ndimalidziwa khosi limenelo. Mtsempha uja unadzuka, chibwano chinauma, ndipo miyendo yanga inakonzeka yokha kuthawa. Kenako ndinaona dzanja lawo likutseguka pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, n'kugona pa ntchafu. Anapuma. Anamupempha kalalikiyo mwaulemu kuti ayang'anenso, poti sukulu ya mwana ikutsegulira mu Seputembala. Iye anayankha kuti sukuluyo si yake.

Amene anaphulika ndine. Sindikudziwa kuti zinayamba bwanji. Ndinangoona mafayilo onse a pa kauntala ali pansi, mawu anga akumveka mpaka kukhonde, ndipo dzanja langa lili m'mwamba. Kalalikiyo ndi mtsikana, sandiposa zaka zambiri. Anabisa mutu ndi mkono n'kutsinzina. Azakhali, ndi mmene ndinachitira ine tsiku lija.

Dzanja linatsika lokha. Bambo sanandigwire, sanandikalipire. Anagwada pansi, munthu wamkulu uja, n'kuyamba kutola mapepala limodzilimodzi, kuwapukuta fumbi pa malaya awo. Atamaliza anapepesa kwa mtsikanayo, ndipo ine ndinapepesanso.

Panja pabenchi thupi lonse linkangogwedezeka. Ndinawauza kuti ndatengera iwo, ndipo ndinanena mowabaya dala.

"Eya, watengera ine," anatero. "Inenso ndinatengera agogo ako aamuna. Koma iwe wadziona uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ine ndinadziona nditawononga kale."

Kenako ndinawafunsa kuti dzanja lija analitsegula bwanji. Sanandilalikire, ndinkaopa zimenezo. Anangondiuza kuti ndiike mapazi onse pansi, ndiwongole msana, ndipeze pomwe mpweya ukukhudza m'mphuno. Ndinati khutu likulira kwambiri, sindingathe. Anati ndisalimbane nalo, lilire, ine ndikhale pa mpweya. Sindinganame kuti ndinamva mtendere. Koma kunjenjemera kunasiya.

Mawa lake bambo anabwerera kuwindo lija asanatsegule n'komwe. Anakhala pabenchi yoyang'anana nalo, msana uli chilili, manja pa mawondo. Kalaliki atafika anamupatsa moni, n'kumufunsa ngati angayang'anenso. Masana anafunsanso, poweruka anafunsanso, mawu ake omwewo, osakwera osatsika. Anachita zimenezi masiku atatu. Tsiku lachitatu mtsikanayo analowa yekha m'chipinda cha mafayilo nthawi yake ya nkhomaliro, n'kutuluka patapita ola ali fumbi lokhalokha. Fayilo yanga inalowa m'kati mwa ya munthu wina. Opaleshoni ichitika pa 26.

Musawauze agogo za mafayilo aja.

Mwana wanu, Nesi.


29 Meyi

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi amayi. Opaleshoni yatheka. Adokotala anadula kachikopa kuseri kwa khutu n'kumata pachibowo paja. Iwe ukanati aika chigamba. Akuti ngati chagwira tidziwa pakatha milungu itatu.

Maola atatu amene anali m'kati muja ndi ovuta kuposa masiku khumi aja. Mutu wanga unamuika m'manda kawiri, unamenya dokotala, unandiweruza ndi kundimanga. Ndinkangoubweza, ukathawa ndiubweza. Atamutulutsa mutu uli m'mabandeji anasanza, ndipo ndinamugwirira beseni. Sanandikankhe.

Pano ali kuchipinda. Saloledwa kumina, kunyamula zolemera, kapena kunyowetsa khutu. Ndimabwera m'mawa ndikachoka kwa anzanga a pamwamba pa penti, ndimamutungira madzi, ndimachapa, ndimamusendera malalanje. Dzulo anandiuza kuti ndimasenda ngati ndikukangana nalo lalanjelo, ndipo anaseka pang'ono, kenako anakumbukira kuti sayenera kuseka nane.

Chimwemwe chija ndinakuuza cha pa mbale chinali chenicheni, sindichikana. Koma chinali cha munthu mmodzi. Ichi cha beseni ndi malalanje n'cholemera, chili ndi mantha m'kati, koma sindingachisinthanitse ndi chija.

Kapitawo akundinyozabe. Lachiwiri anati ndachedwetsa simenti, ndipo kutentha kuja kunabwera monga kale. Ndinakuona kutenthako kukubwera, ndinatsitsa katundu bwinobwino, kenako ndinamuyankha. Kutenthako sikudzatha mwina mpaka kufa. Ntchito yanga ndi kukhala maso tsiku lililonse.

Mchimwene wako.


19 Juni

Azakhali,

Moni. Ndamva kuti agogo afika okha pakhomo la shopu, muwauze kuti ndikabwera tipikisana.

Lero anachotsa zonse zimene anaika m'khutu. Dokotala anayang'ana ndi kagalasi kake nthawi yaitali, ine mtima uli m'mwamba, kenako anati chigamba chagwira, chibowo chatsekeka. Kulira kuja kukadalipo, koma kwachepa, ndipo akuti mwina sikudzatheratu. Kalata ya kusukulu alemba sabata yamawa akandiyeza ndi makina.

Koma asanatitulutse anafuna kuyesa mwachangu. Ndi dokotala wachikulire, wotanganidwa, sadziwa chilichonse cha ife. Anatseka khutu langa labwino ndi chala chake, n'kuwauza bambo kuti aime kumbuyo kwanga mbali ya kumanzere, anong'one mawu alionse amene awabwerera, kaya nambala kaya dzina la chipatso. Ine ndinkayang'ana khoma.

Dokotala anawauza kuti afulumire, panja pali mzere. Ndiye ndinamva, kutali ngati munthu akulankhula m'chipinda china, koma mawu onse bwinobwino, mbali imene kwa zaka zinayi sikunadutse mawu a munthu.

Dokotala anandifunsa ngati ndamva. Ndinagwedeza mutu. Anati kugwedeza mutu aliyense amatha, ndibwereze zimene anena.

"Akuti, pepa mwana wanga, ndinakulakwira."

Dokotala anawayang'ana bambo kuti atsimikize. Iwo anavomera ndi mutu, maso ali pansi. Iye anangoti zili bwino kwambiri, analemba mu fayilo, n'kuitana wotsatira.

Tinatuluka, tinayenda mpaka pokwerera basi. Magalimoto ankamveka mbali zonse ziwiri mpaka ndinachita chizungulire, ndipo ndinagwira mkono wa malaya awo kuti ndisagwe. Chizungulire chitatha sindinausiye msanga.

Yankho sindinawapatse, Azakhali, ndipo iwo sanalifunse. Sindikudziwa kuti ndidzawapatsa liti. Mkwiyo wanga ukadalipo, ndimaumva pansi pa nthiti. Koma ndatsimikiza mtima kuti dzanja langa silidzakwera pa wodwala, kapena pa mwana amene ndidzabereke. Zimenezi zithere pa ine. Ndawauza bambo kuti mawa asabwere kudzagogoda, tikakumane pa shopu ya penti, ndipo andisungire malo kumbuyo pafupi ndi chitseko.

Ndikhala kuno mpaka kumapeto kwa mwezi. Munditumizire juzi yanga yobiriwira, akuti m'chipindamo mumazizira m'mawa.

Mwana wanu, Nesi.